Mtsuko Umene Wakana Kunyamula

Kwa Nkando,
Mulanje.
Loweruka masana.

Mwana wanga Fatsani,

Ndakhala pakhonde kulemba kalatayi dzuwa likadalipo, chifukwa ukudziwa kuti m'nyumba muno babu sitiyatsira zolembalemba. Iwe wapita kumsika kukatsanzikana ndi anzako, bambo ako ali kudimba. Ndikadatha kudikira kuti ubwere tilankhulane pakamwa, koma ndayesa sabata yonseyi. Ndikangoyamba umati, "Amayi, ndamva," maso ali pa foni. Pepala sungaliyankhe choncho. Ndiliika pamwamba pa chikwama chako. Uliwerenge lero usanagone, ndipo ukaliwerengenso ukafika ku Blantyre. Pamene ndalemba mokhota undikhululukire, sukulu yanga ukuidziwa pamene inathera.

Nkhani yanga ndi imodzi yokha, ya timabotolo tako ta insulini. M'mawa uno ndinakuonetsa mtsuko umene ndakukonzera woti ukasungiremo mankhwalawo, iwe n'kuseka. Unati, "Amayi, ndikupita kukoleji, osati kwa sing'anga. Anzanga akakaona mtsuko m'chipinda akati ndabwera ndi zithumwa za ku Mulanje." Bambo ako anaseka nawo mpaka kutsokomola. Ine ndinangolowa m'khitchini. Sindinakwiye, mwana wanga. Ndinachita mantha.

Unali mu Sitandade 5 pamene anakupeza ndi matenda a shuga. Nthawi imeneyo tinkakhala kumalaini a kampani, bambo ako akugwira ntchito m'fakitale ya tiyi. Anesi anandipatsa kabotolo m'manja n'kunena kuti, "Mayi, moyo wa mwanayu uli umu. Kasatenthedwe." Bambo ako anagulitsa njinga yawo, tinagula furiji yakale imene ili pabalazayi. Kumalaini magetsi sitinkawaganizira. Ankadula pa malipiro, ife osaona. Nkhuni za bulugamu tinkatola zotsala. Bambo ako atapuma ntchito tinamanga kuno, ndalama yawo yotsala tinakokera magetsi, chifukwa cha furijiyo basi. Atatiikira mita ya mayunitsi ndi pamene ndinadziwa kuti magetsi amatha ngati ufa m'dengu. Kuyambira tsiku limenelo ndikadzuka ndimayamba ndayang'ana mita ndisanasukusule.

Ndalama imene inkatigulira mayunitsi a mwezi wathunthu chaka chimene tinasamukira kuno, lero mwezi usanafike pakati mita yayamba kale kulira. Waona wekha zimene tasiya. Hotipuleti ili pamwamba pa kabati, inachita dzimbiri. Ayironi ndinaibisa, tinabwerera ku simbi ya makala. Wailesi ya kanema imayaka Lamulungu lokha pa mpira, ndipo ngakhale pamenepo ndimakhala ndikuzungulirazungulira mpaka bambo ako amati, "Amake Fatsani, khalani pansi, mukutchinga goli." Mababu ndinazula onse kupatula la pabalaza ndi la kuchipinda kwako, loti uziwerengera. Zonsezi sindinachite chifukwa cha umbombo. Ndinkafuna kuti yunitsi yomaliza m'nyumba muno izipita ku furiji. Iwe unakula ukumva furiji ikulira usana ndi usiku, n'chifukwa chake ukuganiza kuti mankhwala amazizira okha.

Kumbukira zimene tinaona Lolemba titapita kukaona chipinda chimene wapeza ku Zingwangwa. Iwe unkayang'ana pomwe ukaike bedi ndi poti uzichajira foni. Ine ndinkayang'ana zina. Mita ndi imodzi, zitseko zonse za pabwalo lija zikudya pomwepo. Pakhomo loyandikana ndi lako ndinaona mnyamata ataviika waya wotenthetsera madzi m'ndowa, iye ali phee pa mpando akumeta ndevu. Alandilodi, amayi onenepa aja, anati, "Furiji ilipo kwanga kuno, mwanayu aziika mankhwala ake, palibe vuto." Ndinapempha madzi akumwa dala. Anatsegula furijiyo n'kundipatsa botolo. Madzi ake anali ofunda. Nditayang'ana kukhoma ndinaona pulagi ili lende, yozula.

"Timayatsa madzulo okha, mayi," anatero ataona kumene ndikuyang'ana. "Mayunitsi a masiku ano si masewera."

Ndinafunsa ngati tingabweretse furiji yathu.

"Iii, ndiye muziwonjezera lendi. Komanso anzakewa sangalole, aziti akuwadyera mayunitsi. Kuno anthu amamenyana chifukwa cha ketulo."

Sindikuwanena amayi aja. Akuchita zimene aliyense akuchita. Koma ndinakwera minibasi yobwerera ndikungoganiza za pulagi ija, iwe uli pambali panga ukundiuza za mabuku. Kuchokera ku Limbe mpaka kuno sindinamve liwu lako ndi limodzi lomwe.

Tsopano ndikuuze pamene ine ndinalakwitsa, kuti iwe usakadutsenso momwemo. Zina ukuzikumbukira ngati matenda chabe, sudziwa chimene chinaziyambitsa.

Chaka choyamba tili kuno ndinali ndisanazolowere mita. Tsiku lina mu Okotobala ndinaphika nyemba pa hotipuleti, zouma gwa, osaviika n'komwe, monga ndinkachitira kumalaini. Zinatenga m'mawa wonse. Madzulo ake kunabwera uthenga wa maliro a malume ako ku Limbuli. Tinanyamuka mothamanga, iwe tinakutengera kabotolo kamodzi, tina tonse tinatisiya m'furiji. Sindinayang'ane mita. Titabwerako maliro atatha, ndinangotsegula chitseko n'kumva nyumba ili zii. Pansi pa furiji panali madzi. M'kati munali motentha ngati m'thumba la malaya. Ndinatenga timabotolo tija n'kutiyang'ana padzuwa, tinkaoneka bwinobwino. Ndinadziuza kuti palibe chaonongeka, chifukwa ndalama yokwerera kupita kuchipatala inali itathera kumaliro. Ndinakubaya mankhwala omwewo. Sabata isanathe unayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza kosalekeza, kenako kusanza, maso kulowa m'kati. Anakugoneka m'chipatala ndi madiripi. Anesi atandifunsa ndinafotokoza zonse, ndipo anati, "Mayi, mankhwalawa akapsa sasintha nkhope." Fatsani, mawu amenewo uwasunge. Sasintha nkhope. Ukakaona shuga wako akukwera popanda chifukwa, ukudya monga mwa masiku onse, usakadikire. Ukanyamule kabotoloko ukakaonetse kuchipatala. Ndipo usakachoke pakhomo ulendo wogona usanayang'ane kumene mankhwala ako atsala.

Utatuluka m'chipatala ndinalakwitsanso, ulendo uno chifukwa cha mantha. Inali nyengo imene magetsi ankathima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndinaganiza kuti ndikawaziziritsa kwambiri nthawi imene magetsi alipo, kuzizirako kuzikhalitsa akathima. Ndinapotokola kabatani ka furiji mpaka kumapeto, timabotolo n'kutiika m'mwamba muja mokhala madzi oundana. M'mawa ndinapeza tauma gwa. Ndinatifungatira m'manja mpaka tinasungunuka, ndikudziyamikira kuti ndine mayi wochenjera. Mwamwayi tsiku limenelo linali la sikelo yako ya shuga, ndipo ndinawauza anesi monyadira. Anagwira kumutu. Anatenga timabotolo tonse n'kutiponya m'bini ine ndikuona. Ndinalira pamaso pa anthu. Ndiye ngati ukakaike mankhwala m'furiji ya munthu, usakaike m'mwamba moundana, usakagunditse kukhoma la kumbuyo. Ndipo anthu amene amayatsa furiji madzulo okha amakonda kuipotokola mpaka kumapeto kuti izizire msanga. Masana mankhwala ako azikapsa, usiku azikaundana. N'chifukwa chake furiji ya alandilodi ija sindikuikhulupirira ngakhale pang'ono.

Za gasi ndikuuzenso, chifukwa ndamva iwe ndi mnzako wa ku Ntcheu uja, amene mukagone chipinda chimodzi, mukupangana pa foni zosonkherana kasilinda. Ine ndinagula yathu ija ndi ndalama ya ku banki m'khonde, azimayi anzanga atandiuza kuti gasi ndiye chipulumutso. Mwezi woyamba ndinasangalala ngati mwana. Mapoto osada, maso osalira utsi. Ndinkaphikira chilichonse, ngakhale madzi osamba a bambo ako nthawi ya chiperoni. Tsiku lina ndiwo zili pamoto lawi linangofupika n'kuzima. Gasi sachenjeza, alibe kulira ngati mita. Kuti ndikadzazitse ndinayenera kukwera nayo minibasi, kondakitala n'kundilipiritsa mpando wa silinda. Nditafika ndinapeza mtengo wakwera. Ulendo wachiwiri unali utakweranso, wachitatu anati gasi kulibe, ndibwere sabata ya mawa. Lero silindayo ukuiona pakona, bambo ako amakhalapo akamavala nsapato. Amati ndi mpando wodula kuposa yonse m'nyumba muno. Ngati mukagulebe, gasi akhale wa tiyi ndi zinthu zopsa msanga. Ukonzeretu zonse, tomato wadula, madzi ali pafupi, kenako uyatse. Poto azikhala wovindikira. Lawi lisatuluke m'mbali mwa poto, lotulukalo ndi ndalama ikuwotha mphepo. Ukamaliza utseke pa silinda penipeni, osati pa chitofu pokha. Paipi uziipaka thovu la sopo nthawi ndi nthawi, pakatuluka timathovu ndiye kuti ikudontha. Ukamva fungo usayatse machesi, usakhudze switchi, tsegula chitseko utuluke. Ndipo mugwirizane poyamba kuti akatha adzadzazitsa ndani, chifukwa ubwenzi wa anyamata umathera pa zinthu zotere.

Koma cholakwa chimene chimandidzutsa mpaka lero ndi cha kalongonda, nyemba zathu zija zoledzeretsa zikapanda kupsa. Unali Fomu 2. Iwe umadziwa kuti tsiku lija unadwala, koma sunaone mmene ndinaphikira. Amayi anga, agogo ako, anandiphunzitsa ndili kamtsikana kuti kalongonda safuna munthu wothamanga. Umawiritsa, kusenda makoko, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, kutayanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mlomwe aliyense amadziwa zimenezi. Chaka chimenecho thumba la makala linakwera kawiri mwezi umodzi. Anyamata a njinga ochokera ku Limbuli ankati mitengo yatha, akukatenga kutali, kutsidya kwa malire. Bambo ako anali atapempha kalongonda kwa masiku ambiri, ndipo ndinati ndiwasangalatse. Pofika masana ndinayang'ana m'thumba, makala atsala m'munsi. Ndinaganiza za mawa ndi mkuja. Ndinalawa kalongondayo, anali wofewa, wosawawa. Ndinati wapsa. Madzi amene ndinayenera kutaya kawiri kena sindinataye. Ndinaphula, makala otsala n'kuwazima ndi mchenga, mtima uli m'malo kuti ndapulumutsa a tsiku lonse.

Iwe unabwera kusukulu ndi njala, unadzibaya jakisoni monga mwa nthawi zonse, tinadya. Pasanapite nthawi bambo ako anadzuka kuti apite kuseri, n'kugwira khoma.

"Amake Fatsani, nyumbayi ikuzungulira, kapena ndine?"

Ndinafuna kuseka, koma nanenso mutu unali utayamba kulemera. Kenako ndinakumva ukusanza kuseri kwa khitchini. Unasanza zonse, m'mimba osatsala kanthu, pamene jakisoni anali kale m'thupi akugwira ntchito yake. Ndinakupeza utakhala pansi, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Ndinati, "Fatsani, ndine ndani?" Unandiyang'ana ngati mlendo. Ndinakwawa kukatenga shuga, chifukwa kuimirira sindinkatha, n'kumakupaka m'kati mwa tsaya ndi chala. Mai Supuni, oyandikana nafe, ndi amene anathamanga kukaitana mwamuna wawo, wa kabaza, kuti akuthamangitsire kuchipatala. Anakumangirira kumsana kwa mwamuna wawo ndi chitenje changa kuti usagwe panjira. Makala amene ndinapulumutsa tsiku limenelo sakanadzaza ngakhale mbale.

Kuyambira pamenepo kalongonda sanalowenso m'poto mwanga. Kuphika moyenera sindingakwanitse makala ake, kuphika mwachidule sindidzayesanso. Bambo ako akamulakalaka amakagula wa m'kapu kumsika. Nyumba ya Alomwe yosaphika kalongonda, agogo ako akadakhala moyo akadati chiyani? Koma ndi pamene tafika.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Kuchepetsa moto kulipo kwabwino, kulipo kopha. Madzi osamba usatenthetse, uike ndowa padzuwa m'mawa, pobwera ku kalasi uwapeza ofunda. Zovala uziyanika zowongoka, uzisita kamodzi zonse pamodzi, ndipo zina sizifuna n'komwe kusita. Potuluka uzimitse babu, chaja uzule kukhoma. Nyemba ndi nandolo wouma uziviika usiku, m'mawa uwiritse bwinobwino, kenako ukulunge potoyo ndi bulangete lakale lija ndakuikira pansi pa chikwama, uike m'katoni. Zimapsa zokha uli kusukulu, madzulo umangotenthetsa n'kuthira tomato. Makala otsala pa mbaula uziwazima ndi mchenga, mawa ayakanso. Mbaula yoyaka usalowe nayo m'chipinda n'kutseka zitseko, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, anthu amagona osadzuka. Zonsezi chepetsa mmene ungathere. Koma chakudya chako chizipsa mpaka kupsa, ndipo usadumphe chakudya chifukwa makala atha. Anzako akhoza kugona ndi njala n'kudzuka akuseka. Iwe sungathe. Ukakhala kuti wabaya jakisoni ndipo moto palibe, gula chilichonse, buledi, nthochi, mbatata yootcha ya pamsewu. M'thumba la buluku muzikhala shuga kapena maswiti tsiku lililonse. Ndasokerera kathumba m'kati mwa jekete yako, ukakapeza.

Ya mayunitsi, ukasonkha gawo lako usakangopereka n'kutembenuka. Ukaime pomwepo uone nambala zikulowetsedwa mu mita. Sindikuti anthu aja ndi akuba. Munthu akakhala ndi ndalama ya anzake m'manja ndipo mwana wake alibe ndiwo, amati ndibweza mawa. Ndipo ukadziwe kuti ngakhale iwe utasamala chotani, mnyamata wa waya uja akangotenthetsa ndowa ziwiri, bwalo lonse mugona mumdima. Kuno mita inali m'manja mwanga. Kumeneko ili m'manja mwa anthu amene sakudziwa dzina lako.

Ndikadakonda kukuuza kuti zimenezi n'zakanthawi, upirire chaka chimodzi zinthu zitsika. Sindingakunamize. Chiyambire kukhala pabanja sindinaonepo chinthu chimene chinakwera n'kutsikanso. Azimayi amene ankatola nkhuni m'munsi mwa phiri pano amakwera mpaka kutha tsiku, kubwerako ndi kamtolo kamene kale tikadapatsa mwana. Magetsi akwera, tathawira ku gasi. Gasi wakwera, tathawira ku makala. Makala akwera, ndaona anzanga akuphikira zitsononkho ndi mapesi a nandolo, ena mapepala a pulasitiki, ana akutsokomola. Kutsogoloku sindikuona kothawira kwina. Ine ndachepetsa mpaka palibenso chochepetsa, ndipo mita ikulirabe msanga kuposa chaka chatha. Nthawi zina ndimakhala pakhonde pano n'kumaganiza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutunga madzi ndi dengu. Chimene ndapindula ndi chimodzi, uli moyo, ndipo wakhoza mayeso. Tsopano ndikukupereka kumalo kumene sindingazimitse babu la munthu aliyense.

N'chifukwa chake mtsuko uja. Si nzeru zanga ndekha. Tisanapite n'komwe ku Zingwangwa ndinali nditaukonza kale, chifukwa ndinayamba kuda nkhawa tsiku limene dzina lako linatuluka. Ndinapita kwa anesi athu aja, amene akuona kuyambira uli wa kabudula, n'kuwafunsa kuti mwana wopanda furiji amatani. Anati odwala ambiri a kumidzi amasunga mu mtsuko, bola azitenga mankhwala a mwezi umodzi okha, osaunjika. Anandijambulira papepala mmene umakhalira. Ndinakauza mayi wina woumba mbiya kuti andiumbire iwiri, waukulu ndi waung'ono wolowa m'kati mwake, yosapaka chilichonse kuti izituluka thukuta. Woyamba unasweka powotcha, ndinadikira wina. Mchenga ndinakatenga ku Thuchila, ndinausefa, ndinautsuka mpaka madzi kuyera. Kenako ndinauyesa masabata angapo iwe osadziwa, kuseri kwa chitseko cha khitchini. Ndinkaikamo kabotolo ka madzi, masana dzuwa lili pamutu n'kukatulutsa, kukagunditsa patsaya. Kankakhala kozizira, Fatsani. Osati ngati ka m'furiji, koma kozizira. Tsiku limene ndinaiwala kuthira madzi kanafunda. Ndiye chinsinsi chake ndi madzi basi.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mtsuko waung'ono ukhale m'kati mwa waukulu, pakati pawo mchenga. Mchengawo uzithira madzi m'mawa ndi madzulo, unyowe koma usasefukire. Timabotolo tizikhala m'kachitini ka pulasitiki kotseka kaja, kuti mapepala ake asanyowe n'kufufutika. Pamwamba uvindikire ndi kansalu konyowa. Uike pamthunzi, podutsa mphepo. Pakona ya kumanzere ukalowa m'chipinda chija, pansi pa zenera loyang'ana kumpanda, ndinaona kuti dzuwa silifikapo. Usaike pansi pa bedi, mpweya suyenda. Usaike pafupi ndi pophikira. Mtsuko sufuna yunitsi, sufuna alandilodi, magetsi akathima sudziwa n'komwe.

Ukuti anzako akakuseka. Mwina akakusekadi, anyamata ndi anyamata. Akakupatsa dzina, mwina akakutcha Asing'anga mpaka kumaliza koleji. Ine ndikupempha kuti uwauze zoona tsiku loyamba lomwelo, makamaka mnzako wa ku Ntcheuyo. Umuonetse timabotolo, umuonetse pamene pamakhala shuga, umuuze kuti akakuona ukutuluka thukuta ndi kulankhula zosamveka asaganize kuti waledzera. Ndikudziwa kuti matendawa umawabisa. Ku sekondale unkakadzibayira kuchimbudzi kuti asakuone, Mai Supuni anandiuza atamva kwa mwana wawo, ndipo sindinakufunse. Kuno unkatha kubisa chifukwa madzulo unkabwera kwa ine. Kumeneko ukagwa pansi, amene ali pafupi ndi amene akakhale mayi ako. Asakakhale munthu wosadziwa kanthu.

Dzulo bambo ako anati, "Amake Fatsani, mwanayu akangokwera minibasi furijiyi tizimitse. Tipumeko." Akunena zoona. Mulibe china m'menemo koma mankhwala ako ndi botolo la madzi. Ikazima, mayunitsi azitha mwezi, mwinanso kupitirira, ndipo ndalama yotsalayo tizikutumizira ya makala. Ndinavomera. Koma pali chimene sindinawauze. Zaka zonsezi ine ndimagona ndi khutu limodzi lili pabalaza. Furiji ikamalira ndimagona. Ikangosiya ndimadzidzimuka, ngakhale ndili m'tulo totani, n'kupita kukaona ngati ndi mita kapena athimitsa, n'kuyala matawulo onyowa pamwamba pake, n'kukusuzumira kuchipinda. Kuyambira mawa izikhala chete. Ndikudziwa kuti ndizidzidzimukabe. Ndiziima pabalaza, furiji ili yotsegula, yopanda kanthu, bedi lako lili loyala, ndipo sipadzakhala chilichonse choti manja angawa achite.

Sindingakukakamize, wakula, ndevu zayamba. Mtsuko ndauika m'ndowa yabuluu ija, ndazinga ndi zitenje zakale kuti usasweke, pamwamba ndaika kathumba ka ufa. Aliyense m'minibasi aziona ndowa ya ufa basi. Mchenga uli m'jumbo yakeyake. Ndowayo ili pafupi ndi chitseko, pambali pa nsapato zako. Ukaisiya sindidzakuthamangira nayo kusiteji, sindikuchititsa manyazi pagulu. Ndidzangoilowetsa m'nyumba.

Koma ukainyamula, ndili ndi pempho limodzi lotsiriza. Madzulo aliwonse ukathira madzi pamchenga, undifulashe. Usaimbe, usawononge mayunitsi a foni, ingoliza kamodzi n'kudula. Sindidzayankha, sindidzakuvutitsa ndi mafunso. Ndidzangodziwa kuti mchenga wanyowa. Foni yanga ndi chinthu chokhacho chimene chizikhala pa magetsi m'nyumba muno, ndipo ndizigona nayo pamtsamiro, pamene khutu lija lazolowera kumvera.

Dzuwa lafika pa mtengo wa mapeyala, mizere ya pepala yayamba kusaoneka. Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi anzako. Ndilekere pano ndikasonkhe moto.

Mwanaka, monga ankandiitanira amayi anga, nyamula ndowayo.

Ndine mayi ako,
Elube